NDENDE KAPENA CIPATALA? ZIMENE APWITIKIZI ANAYESA

Mwezi uno ndabwera ndi funso limene ambiri a ife timaliyankha pawiri. Mnyamata akagwidwa ndi kaphukusi ka mankhwala osokoneza bongo m'thumba mwake, kodi apite kuti? Akakhala mwana wa kwa aneba, uja anatibera nkhuku ndi batire la galimoto, yankho limatuluka msanga: amangidwe, akaone. Akakhala wobala ife tomwe, lilime limalemera, ndipo timayamba kufunsa ngati kulibe dokotala kapena wansembe amene angalankhule naye. Boma liribe mwai woyankha pawiri cotere. Liyenera kulemba lamulo limodzi lokhudza ana onse awiri, ndipo m'masiku ano a kacirombo ka HIV, lamulo limenelo likhoza kupulumutsa kapena kupha ngakhale anthu amene sanalaweko mankhwalawo cibadwire.

Tiyambe ndi kumvetsa m'mene mankhwala ndi kacirombo zimayendera limodzi, pakuti njira zake ndi ziwiri. Yoyamba tonse tiidziwa. Munthu woledzera, kaya ndi kacasu, camba kapena mankhwala a cifuwa omwera dala, amaiwala malonjezo a ukwati ndi macenjezo onse a anamwino. Ndipo mtsikana amene thupi lake lazolowera mankhwala, tsiku losowa ndalama amagulitsa cokhaco cimene ali naco. Kuno kwathu kacirombo kamafala makamaka pogonana, conco umenewu ndiwo msewu waukulu. Koma pali kanjira kacidule koopsa koposa, ndiko singano ya jekeseni, ija timati nyeleti. Wodzibaya heroin amayamba wakoka magazi pang'ono kuti aone ngati singano yalowa mu mtsempha, ndipo magazi otsalira m'kati mwa sirinji akhoza kusunga kacirombo kamoyo kwa milungu ingapo. Anyamata asanu akabwerekana sirinji imodzi kuseri kwa msika, wodwala mmodzi akwanira onse. Pambuyo pake aliyense amapita kwa mkazi wake, ndipo mkaziyo adzatenga pakati ndi kuyamwitsa.

Dziko limene linaona tsoka limeneli ndi maso ake ndi Portugal, kwao kwa Apwitikizi aja amene analamulira anansi athu a ku Mozambique ndi Angola kufikira 1975. Kwa zaka 48 dzikolo linali lotsekeka pansi pa ulamuliro wa nkhanza, ndipo anthu ake sanadziwe zambiri za kunja. Ulamulirowo utagwa mu 1974, zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi. Asilikali ndi atsamunda obwerera kucokera ku Africa anafika ndi camba, ndipo m'zaka za m'ma 1980 heroin inalowa ngati moto wa kuthengo m'mwezi wa October, pakati pa anthu osadziwa konse kuopsa kwake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri anayerekeza kuti anthu okwana 100,000 anali akapolo a heroin m'dziko la anthu 10 miliyoni, ndiko kunena mmodzi mwa anthu 100 aliwonse. Mu mzinda waukulu wa Lisbon munali komboni ya Casal Ventoso, kumene zikwi za anthu zinali kufika tsiku ndi tsiku kudzagula ndi kudzibaya poyera, ena nkufera pomwepo pa milu ya zinyalala. Mwa maiko onse a m'bungwe la European Union, Portugal ndiyo inali patsogolo pa odwala Edzi cifukwa ca masingano.

Boma silinakhale manja lende. Linamanga anthu, ndipo linamanga ambiri, kotero kuti akaidi oposa 40 mwa 100 aliwonse anali m'ndende pa milandu ya mankhwala. Koma maliro sanaleke. Cimene cinatembenuza mitima ndi cakuti mliriwo sunasankhe nyumba: unalowa kwa msodzi, kwa loya, kwa mphunzitsi ndi kwa dokotala yemwe, ndipo kunali kovuta kupeza banja limene linalibe wake womulira. Mai amene mwana wake ali m'ndende savomera kuti anabala cigawenga. Amati anabala mwana amene tsopano akudwala. Amai otere ataculuka, andale anamva. Mu 1998 boma la nduna yaikulu António Guterres, yemwe uja anadzakhala mlembi wamkulu wa United Nations mu 2017, linasankha kagulu ka madokotala, odziwa malamulo ndi akatswiri ena kuti kafune njira ina. Mmodzi wa iwo anali João Goulão, dokotala wa mabanja wa kum'mwera kwa dzikolo, amene pambuyo pake anatsogolera nchito yonseyi kwa zaka zambiri.

Lamulo limene linabadwa m'malangizo ao linayamba kugwira nchito pa 1 July 2001, ndipo ndipempha kuti tilimvetse bwino, cifukwa ambiri amalinamizira. Apwitikizi sanaloleze mankhwala osokoneza bongo ai. Kufikira lero ndi oletsedwa, apolisi akawapeza amalanda, ndipo wogulitsa amapita ku khoti ndi ku ndende monga kale. Cimene cinasintha ndi ca munthu wopezeka ndi mlingo waung'ono, wosapitirira umene iye mwini angagwiritse nchito masiku 10: galamu imodzi ya heroin, magalamu 2 a cocaine, kapena magalamu 25 a masamba a camba. Wotereyu analeka kuwerengedwa cigawenga. Mlandu wake unakhala ngati wa woyendetsa galimoto mopyola liwiro: walakwa ndithu, koma dzina lake sililembedwa m'buku la opalamula, limene likanamtsekera makomo a nchito moyo wake wonse.

M'malo moonekera kwa woweruza, amaitanidwa pasanathe masiku atatu pamaso pa kabungwe ka anthu atatu, mmodzi wodziwa malamulo ndi awiri ocokera ku nchito za umoyo kapena za cisamaliro ca anthu. Cigawo ciri conse ca dzikolo ciri ndi kabungwe kake, ndipo timabungweti timayang'aniridwa ndi unduna wa zaumoyo, osati wa zacilungamo. Amakhala naye pa tebulo limodzi, popanda mikanjo ndi maunyolo, namfunsa za kwao, za sukulu, za nchito, ndi za m'mene anayambira. Akaona kuti ndi wongolawa ndipo ndi koyamba, amamcenjeza naimika mlanduwo. Akabwereza akhoza kulipira faindi, kuletsedwa kufika ku malo ena, kapena kulamulidwa kumadzaonekera kawirikawiri. Koma akapeza kuti thupi lake linagwidwa kale ukapolo, lamulo limaletsa kumlipiritsa faindi, pakuti aliyense adziwa kumene munthu wotere akatenge ndalamayo. Amamkopa kuti alandire cithandizo, osamkoka ndi cingwe. Ife amene tinakulira kumudzi sitingadabwe nazo zimenezi. Ndi bwalo lija la anyakwawa ndi amalume, kumene wolakwa amadzudzulidwa mpaka kutuluka thukuta, koma madzulo ake amadya nsima ndi abale ake.

Komatu lamulo linali citseko cabe, ndipo citseko copanda nyumba sicisunga munthu. Boma linathira ndalama zambiri m'zipatala za anthu otere, ndipo mankhwala ndi uphungu zinali zaulere. Kuyambira 1993 sitolo zogulitsa mankhwala zinali zitayamba kale kulandira sirinji zogwiritsidwa nchito ndi kupereka zatsopano, kuti zakale zicoke m'misewu ndi m'manja mwa anthu. Anamwino ndi alangizi anauzidwa kuti asadikire m'maofesi, koma atsike okha pansi pa milatho ndi m'mabwinja kumene odwalawo amabisala. Anakulitsanso nchito yopereka methadone. Amenewa ndi mankhwala akumwa, operekedwa kamodzi pa tsiku pa mlingo woyezedwa ndi dokotala. Munthu wozolowera heroin amaifuna katatu kapena kanai pa tsiku, ndipo akaisowa amanjenjemera, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kumva ngati mafupa akuthyoka. Ululu umenewu ndiwo umamtuma kukaba ndi kutola sirinji iri yonse. Methadone imaziziritsa ululuwo tsiku lathunthu popanda kumledzeretsa, motero akhoza kupita ku nchito, kumwa ma ARV ake pa nthawi yake ndi kusiya singano. Kafukufuku wa m'maiko ambiri anaonetsa kuti olandira cithandizo cotere ngozi yao yotenga HIV imatsika pafupifupi ndi theka. Ndipo panali cinthu cina cimene ine ndimaciyamikira koposa zonse: boma linali kuthandiza eni magalaji ndi timakampani kulipira malipiro a munthu amene wasiya mankhwala, kuti amlembe nchito. Anadziwa kuti wocira amene amadzuka m'mawa wopanda kopita, mapazi amamtengera okha kwa anzake akale.

Zipatso zake zinaoneka. Ca m'ma 2001, anthu oposa 1,000 pa caka anali kupezeka ndi HIV mwa odzibaya mankhwala. Pofika 2012 anali osakwana 100 pa caka, ndipo anapitirira kucepa. Akaidi a milandu ya mankhwala anatsika kufika pa osakwana 25 mwa 100 aliwonse. Imfa zobwera cifukwa copyoza mlingo zinakhala m'gulu la zocepa kwambiri kumadzulo kwa Ulaya. Otsutsa ananeneratu kuti acinyamata a maiko onse adzakhamukira ku Lisbon kudzasuta mwaufulu, koma khamulo silinafike. Akatswiri amakanganabe kuti mwa zabwino zonsezi ndi zingati zinadza ndi lamulo, ndipo ndi zingati zinadza ndi sirinji zoyera, methadone ndi ma ARV. Kwa ine mkanganowo uli ngati kufunsa kuti mwa mafuwa atatu ndi liti limene laphika nsima. Sirinji yoyera ikhoza kukhalapo, koma munthu amene adziwa kuti pakhomo pa cipatala pali wapolisi sadzapita kukaitenga. Mantha a ndende saletsa wogwidwa ukapolo kudzibaya. Amangomsankhira malo, ndiwo a mdima, kumene kulibe madzi oyera, kulibe namwino, ndipo sirinji ndi imodzi.

Nkhaniyi iri ndi mbali yake yowawa, imene oitamanda sakonda kuichula. Cuma ca Portugal citagwa mu 2011, boma linayamba kudula ndalama, ndipo mu 2012 linathetsa bungwe limene linali kuyendetsa nchito yonseyi pamodzi, nkugawira zidutswa zake ku maofesi a zaumoyo a m'zigawo. Mizere ya odikira cithandizo inatalika, alangizi anacepa, ndipo pofika 2023 anthu a mu mzinda wa Porto anali kudandaula poyera kuti odzibaya abwereranso m'makwalala, pafupi ndi sukulu za ana. Mu 2024 boma linasonkhanitsanso nchitoyo pansi pa bungwe limodzi. Lamulo linali lomwe lija la 2001, koma mphika unali utaphulidwa pa moto.

Ku America, cigawo ca Oregon cinatengera khungu la nkhaniyi nkusiya nyama. Mu November 2020 anthu anavota kuti wopezeka ndi mankhwala ocepa azingopatsidwa kapepala ka faindi ya madola 100, imene ikanakhululukidwa akangoimba foni kwa alangizi. Oimba foniyo anali owerengeka. Kunalibe kabungwe kokhala naye maso ndi maso, ndalama za zipatala zinacedwa kufika, ndipo nthawi yomweyo mankhwala akupha kwambiri a fentanyl anasefukira m'misewu. Mu 2024 aphungu a kumeneko anabwezeretsa cilango. Walira mvula walira matope: wofuna kucotsa mwana m'manja mwa wapolisi ayambe wakonza manja ena omlandira.

Tsono wina adzandifunsa kuti, a katekisiti, kodi zimenezi si kugonjera chimo? Funsoli ndi loyenera. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2291, amaphunzitsa kuti kugwiritsa nchito mankhwala amenewa popanda cifukwa ca ucipatala ndi kulakwa kwakukulu, ndipo amadzudzula kolimba owapanga ndi owagulitsa mobisa. Mu June 2014, malemu Papa Francis, polankhula kwa akuluakulu a mabungwe olimbana ndi mankhwalawa ku Roma, anakana ganizo lowaloleza, ndipo anakayikiranso njira yocotsa mankhwala ndi mankhwala anzake. Mau amenewa sitingawalumphe. Pa za kuloleza palibe mkangano, pakuti taona kuti Apwitikizi sanaloleze. Pa za methadone, cenjezo la Papa liri ndi malo ake: boma limene limangomwetsa munthu kakapu m'mawa uli wonse kwa zaka 20, osamfunsa za banja lake, za nchito yake kapena za mzimu wake, lamsiya pakati pa mtsinje. Koma operekedwa ndi dokotala kwa wodwala, pa mlingo woyezedwa, pofuna kumbwezera ku moyo, amenewo ndi mankhwala a ucipatala, ndipo bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2005. Za sirinji yoyera, mtima wanga umalemera monga wanu. Koma ndikakumbukira mkazi uja ndi khanda lija, amene sanalakwe kanthu, ndimaona kuti kuwachinjiriza si kudalitsa chimo la mwamuna. Ndiponso kulapa ndi kwa amoyo. Mnyamata amene tamuika m'manda ali ndi zaka 24 sitidzamuonanso pa mzere wa kulapa.

Mwina mukuti zonsezi ndi za Azungu a kutali. Tayang'anani kwa anansi athu a ku Tanzania. Kwa zaka zambiri heroin yocokera ku Afghanistan yakhala ikufika ndi zombo pa gombe la kum'mawa kwa Africa, ku Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kenaka nkutsika pa msewu kulinga kum'mwera. Ku Dar es Salaam acinyamata anayamba ndi kuisuta. Itafika ya mtundu woyera, yosungunuka msanga m'madzi, anatembenukira ku singano. Ofufuza anapeza kuti pafupifupi anai mwa odzibaya 10 aliwonse mu mzindawo anali ndi HIV, ndipo mwa akazi zinali zoipa koposa. Anapezanso mcitidwe womvetsa cisoni: wosowa ndalama anali kudzibaya magazi okokedwa mwa mnzake amene wangodzibaya kumene, poyembekeza kulawako mphamvu yake. Mu February 2011 boma la Tanzania linatsegula kiliniki ya methadone pa cipatala cacikulu ca Muhimbili, ndipo pambuyo pake linatsegula zina m'mizinda ina. Kenya inatsatira mu 2014. Msewu wa ku Nakonde umatilumikiza ndi doko lomwelo la Dar es Salaam, ndipo a ku Lusaka adziwa kale dzina lakuti volo ndi mbiri ya komboni ya Chibolya. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Codabwitsa ndi cakuti phunziro limeneli ife a mu Zambia tinaliphunzira kale, pa matenda a Edzi enieniwo. Okalamba anzanga mukumbukira masiku amene tinali kunong'ona pa maliro kuti wapita ndi kaliwondewonde kapena kuti anamlodza. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda ananena poyera kuti mwana wao wamwamuna anamwalira ndi Edzi, pa nthawi imene atsogoleri ambiri a mu Africa anali cete. Cipatala ca Chikankata ca a Salvation Army cinayamba kuyendera odwala m'nyumba zao, ndipo madayosizi athu anatumiza amai odzipereka a m'miphakati kukasambitsa ndi kudyetsa anthu amene abale ao anali kuopa kuwakhudza. Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National AIDS Council, ndipo mu 2005 ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. Kafukufuku wa 2001 ndi 2002 anapeza kacirombo mwa akulu pafupifupi 16 mwa 100 aliwonse. Wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza 11, ndipo anaonetsa kuti mwa amene ali nako, 89 mwa 100 adziwa, mwa odziwawo 98 akumwa mankhwala, ndipo mwa akumwawo 96 kacirombo kanagonja m'magazi mwao. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ku cipatala cifukwa coopa ndende. Anabwera pamene manyazi anacepa ndipo panali mankhwala oti alandire akafika.

Pa mankhwala osokoneza bongo tayenda njira ina. Bungwe la Drug Enforcement Commission linakhazikitsidwa mu 1989, dziko litacita manyazi ndi malonda a Mandrax, ndipo maso ake anali pa ogulitsa. Pansi pa lamulo la 1993, munthu wopezeka ndi camba copitirira theka la galamu anali kuwerengedwa wogulitsa, mlandu wopanda belo. Theka la galamu silidzaza ngakhale kabokosi ka macisa. Yerekezani ndi magalamu 25 a Apwitikizi aja. Motero mnyamata wa ndudu imodzi anali kukagona pamodzi ndi mbava zokhwima, m'ndende zimene kwa zaka zambiri zakhala zikusunga anthu oposa kawiri ciwerengero cimene zinamangidwira, ndipo m'mene kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza HIV mwa akaidi 27 mwa 100 aliwonse. Tinayesanso kuletsa cabe: mu 2012 boma linaletsa tujilijili, ndipo linacita bwino, koma mowa wonunkha womwewo unabwerera m'timabotolo, pakuti ludzu la omwawo palibe analiciritsa.

Musandimve molakwa. Wogulitsa heroin kwa ana a sukulu, ndi bwana wake wa galimoto yonyezimira amene sagwira kaphukusi ndi manja ake, amenewo apolisi awasake usana ndi usiku. Ndipotu akanakhala ndi nthawi yocuruka yowasaka akanaleka kuthera mafuta ndi mapepala pa anyamata a ndudu imodzi.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano m'malo mwa lija la 1993, ndipo mwa zolinga zake muli kuciritsa ndi kukonzanso miyoyo ya ogwidwa ndi mankhwala. A DEC ali nayo nthambi ya maphunziro ndi uphungu, ngakhale kuti mai wa mantha amavutika kulowetsa mwana wake pa cipata cimodzimodzi cimene amalowera omangidwa. Mau a pa pepala ndi abwino. Cotsala ndi cija cinagwetsa Oregon ndi kufooketsa Portugal mu 2012, ndico ndalama. Ndipo taona tokha mu January 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, m'mene nchito zina za HIV zinaimira ndi anchito ena kutumizidwa kunyumba, cifukwa nkhokwe imene tinali kudyamo inali ya eni ake. Cipatala ca Chainama ciri ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kucokera ku Chipata, ndipo malo a anthu wamba osungirako ofuna kusiya mankhwala amalipiritsa ndalama zimene mlimi wa fodya kapena wa nsawawa sangazione ngakhale atagulitsa ng'ombe. Conco phungu wanu kapena khansala akadzabwera ku msonkhano wa ndalama za CDF, mutatha kumfunsa za mlatho ndi za madesiki, mumfunsenso kuti m'boma lanu muli alangizi angati ophunzitsidwa nchito imeneyi, muli mabedi angati, ndipo mai amene wapeza sirinji pansi pa mphasa ya mwana wake Lamulungu madzulo agogode pa citseko citi Lolemba m'mawa.